Apongozi Atamanga Duku M'maso

Panali mphunzitsi wamkulu wina amene anatumizidwa kukatsogolera sukulu ya pulayimale ya kumudzi, kuseri kwa mapiri a ku Dowa. Anali wobadwira m'tauni, wokulira m'tauni, ndipo ngakhale mkazi anakamupeza m'tauni momwemo. Mtima wake unali wabwino, pamenepo ndingaikire umboni, koma anali munthu wa phuma. Akaona chinthu chapendekeka ankafuna achiwongole tsiku lomwelo, osayamba wafunsa kuti chinapendekeka bwanji. Aphunzitsi ake ankamutcha ahedi, ndiye nafenso tiziwatcha choncho.

Pasukulupo anapezapo aphunzitsi khumi ndi awiri, onse odziwa ntchito yawo, koma osamwerana madzi. M'chipinda cha aphunzitsi munali tebulo limodzi lalitali. Asanu ankakhala cha kuzenera, asanu cha kuchitseko, pakati n'kusiya mpata woti ngolo ikanadutsa. Belu la buleki likalira, pambaula pankaterekedwa maketulo awiri. Moni ankapatsana, koma wouma, woti ukamulandira umadzifunsa kuti kodi ndalakwanji. Choko chikamuthera munthu, ankalolera kukwechesa kachidutswa kosagwirika n'komwe kusiyana n'kupempha kwa wa mbali inayo. Ana nawo si akhungu. Ankadziwa bwino kuti sala awa ndi madamu awo sayankhulana, ndipo ankapezerapo mpata wothawa m'kalasi, podziwa kuti palibe akafunse mnzake.

Mwawerengera bwino, asanu ndi asanu ndi khumi. Awiri otsalawo sankakhala mbali iliyonse, ndipo sankapezeka m'chipindamo nthawi imodzi.

Woyamba anali Mayi Nakwenda, amene anaphunzitsa Sitandade 1 kwa zaka makumi atatu, mpaka theka la mudzi linaphunzira kugwira pensulo m'manja mwawo. Kalasi lawo linali pansi pa mtengo wa mkuyu, pafupi ndi zenera la Sitandade 8. Wachiwiri anali Kamphinda, mwamuna wachinyamata wosayankhulayankhula, wophunzitsa masamu m'Sitandade 8 momwemo. Mayi Nakwenda akamalowa m'chipinda cha aphunzitsi, Kamphinda ankanyamula mabuku ake n'kutuluka. Akakumana panjira, Kamphinda ankapatukira muudzu, n'kunjuta atayang'ana kumbali mpaka mayiwo atadutsa. Ahedi ataona zimenezi anagwedeza mutu, nati mumtima mwawo, gwero la chidani ndalipeza. Sanafunse munthu.

Akanafunsa, ngakhale mwana wa Sitandade 2 akanawauza. Kamphinda anali mkamwini wa Mayi Nakwenda. Anakwatira mwana wawo mmodzi yekhayo, dzina lake Mtisunge. Kuderalo mwambo udakali wolimba: mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sakhala pabenchi limodzi. Si chidani ayi. Ndi ulemu, ulemu wake wolemera. Akakhala ndi mawu, mawuwo amayenda kudzera mwa munthu wina.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi munthu winayo anali Mtisunge, ndipo ntchitoyi ankaidziwa. Mayi ake akati, "Uwauze amuna akowo kuti denga langa likudontha," iye ankakafikitsa kuti, "Amayi akuti m'mudzi muno mulibe wofolera bwino ngati inu." Mwamuna wake akadandaula kuti mbuzi za amayi zatha ndiwo kudimba, iye ankakanena kuti, "Akamwini anu akuti akumangireni khola latsopano." Denga linkafoleredwa, khola linkamangidwa, ndipo awiriwo ankakondana kwambiri, chikhalirecho asanauzanepo ngakhale liwu limodzi.

Dzinja lina, sabata ya mayeso a temu, Mtisunge anadwala. Lachiwiri anadandaula mutu. Kamphinda anapita kukalembetsa mayeso. Lachitatu thupi linatentha, koma iye mwini anati apeza bwino, ndipo Kamphinda anapitanso kumayeso. Lachinayi m'mawa Mtisunge sankazindikiranso anthu. Anamuika pangolo, koma kuchipatala sanafike. Anasiya mwana wamkazi wa zaka zinayi, dzina lake Chifuniro.

Maliro atatha, mwanayo anayamba kugona kwa agogo ake, pakuti kuderalo mwana ndi wa kuchikazi. Koma m'mawa uliwonse ankathamangira kwa bambo ake kuti akamusambitse kumaso, ndipo masana Kamphinda akaweruka ankamunyamula paphewa n'kuzungulira naye mudzi. Chimene chinamutsalira padziko lapansi chinali chimenechi.

Tsono mawu pakati pa mkamwini ndi apongozi anasowa wowanyamula. Aphunzitsi anzawo, powamvera chisoni, anaitenga ntchitoyo. Apa ndi pamene zinthu zinaonongekera.

Tsiku lina Mayi Nakwenda akuphunzitsa a, e, i, o, u pansi pa mkuyu paja, anangosiyira panjira, misozi ili chuchuchu. Mphunzitsi mnzawo atawafunsa, iwo anati, "Ndikamva mawu a bambo a Chifuniro pazenerapo, ndimangoona mwana wanga." Mawuwo anadutsa pakamwa pa anthu atatu. Pofika kwa Kamphinda anali atamera nyanga: "Apongozi anu akuti mawu anu amawadwalitsa. Akuti akakumvani amakumbuka momwe munamusiyira mwana wawo akubuula, inu n'kumapita kumayeso."

Kamphinda anazyolika, chifukwa chimenechi n'chimene iye mwini ankadziimba nacho mlandu tsiku ndi tsiku. Anangoyankha kuti, "Ine ndikudikira mawu a amayi. Chimene anene ndichita." Mawu amenewanso anayenda ulendo wawo, ndipo anakafika kwa Mayi Nakwenda ali otere: "Mkamwini wanu akuti mukuchedwa kumusudzula. Zikuoneka kuti wapeza kale wina." Paja mkazi akamwalira, akuchikazi ndi amene amamasula mwamuna kuti akhoza kupita kukayamba moyo wina, ndipo kumeneko ndiye kusudzula. Mayiwo atamva zimenezi anangotola choko chawo chimene chinagwa pansi.

Musaganize kuti aphunzitsi aja anali anthu oipa. Palibe amene ananama dala. Aliyense ankangothira kamchere kake, kenako n'kukhulupirira yekha zimene wathirazo. Ena anati mayi wamasiye akuzunzidwa ndi mnyamata wosayamika. Ena anati mnyamata wosalakwa akusenzetsedwa maliro. Posakhalitsa anayamba kukumbutsana ndi zakalekale zomwe, za amene anabisa rejisitala, za amene ananeneza mnzake kwa alangizi. Nkhondo inakula, eni ake awiri aja ali phee, aliyense akulira payekha.

Ahedi atatha miyezi iwiri pasukulupo, Kamphinda analowa muofesi n'kuika envelopu patebulo. Inali kalata yopempha kuti amusamutsire ku sukulu ina, kutali, kwawo ku Ntcheu.

"Chavuta n'chiyani, a Kamphinda?"

"Nyengo ya kuno yandikana, bwana."

Ahedi anadziwa kuti si nyengo. Koma chimene sanadziwe n'chakuti munthuyu akasamuka, mwana wake Chifuniro amusiya. Kamphinda ankalolera kudula mtima wake pakati, kuti mayi wokalamba asamamvenso mawu owadwalitsa. Ahedi anaika kalatayo m'diroo, nati adzapita nayo kuboma Lolemba loyamba la mwezi wotsatira.

Sabata yomweyo anaitanidwa kumaphunziro a masiku atatu a aphunzitsi aakulu. Anabwerako ndi kabuku, wezulo watsopano, ndi nkhope yowala ngati munthu amene wapeza mankhwala a matenda onse. M'kabukumo munali masewera olimbikitsa umodzi pakati pa ogwira ntchito. Analengeza kuti Lachisanu lililonse, ana akaweruka, aphunzitsi onse azikumana pabwalo la mpira. Palibe kupepesa, palibe kudwala mutu.

Aphunzitsi anayang'anana, aliyense ndi a mbali yake. Mmodzi anang'ung'udza kuti, "Ndevu zonsezi tizikasewera ngati ana a mkaka?" Koma ahedi ndi ahedi. Anapita.

Lachisanu loyamba kunali kukoka chingwe. Ahedi anabwereka chingwe cha ng'ombe, nati anthu agawikane pawiri mmene angafunire. Inu mukudziwa mmene anagawikirana. A kuzenera uku, a kuchitseko uko. Mayi Nakwenda anakhala pabenchi chifukwa cha maondo, ndipo Kamphinda anakaima patali kuseri kwa anzake. Wezulo atalira, anthu anakoka atalumira mano, mitsempha ya m'khosi ili tototo, ngati akukoka ng'ombe yogwera m'chitsime. Sanali masewera amenewo. Chingwe chinaduka, onse n'kugwa chagada, fumbi koboo. Palibe anaseka. Madamu wina anabinya dzanja, ndipo sabata yonse ankauza anthu kuti a mbali inayo anachita kuchidula ndi lezala.

Ahedi sanagwe mphwayi. Anatsegula tsamba lina. Lachisanu lotsatira anaimika anthu pamzere, nanong'oneza woyamba uthenga kuti auze mnzake, mnzakeyo auze wotsatira, mpaka kumapeto. Uthenga unali wakuti, "Mawa tilandira mabuku atsopano." Womaliza atafunsidwa chimene wamva, anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Akuti mawa ahedi alandira mkazi watsopano." Apo anthu anaseka, koyamba m'chaka chimenecho, ngakhale kuseka kwake kunali kwachidule, aliyense n'kubweza mano msanga. Masewera amenewa sanafunike kuwaphunzitsa. Anali akatswiri kale. Koma panalibe amene anadziona m'menemo.

Tsiku lomwelo anayesanso ena, oti aliyense anene chinthu chimodzi chabwino cha amene waima naye pafupi. Bambo wina anayang'ana mnzake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nafunafuna, kenako anati, "Awa amalemba bwino deti pabolodi." Ahedi anaomba m'manja okha.

Mwezi unapita choncho. Linafika Lachisanu lomaliza, kalata ija itatsala ndi masiku atatu m'diroo.

Tsiku limenelo ahedi anamwaza zinthu pabwalo: njerwa, mabenchi awiri, ndowa zodzaza madzi, matayala akale. Kumapeto anajambula mzere ndi phulusa. Anafotokoza kuti anthu asewera awiriawiri. Mmodzi amangidwa kansalu m'maso, winayo aima kumbuyo kwake n'kumamulondolera ndi mawu okha mpaka akafike pamzere. Kukhudzana ayi. Ndipo pofuna kuti a kuzenera asasankhane okhaokha, analemba mayina onse patizipepala n'kuika m'chipewa chawo.

Awiri oyamba anali a mbali zosiyana. Wolondolera anamuyendetsa mnzake bwinobwino, molunjika ndithu, mpaka phazi linalowa m'ndowa, khuvuu. Anapepesa, koma maso ake sankapepesa. Ahedi anapukuta thukuta, napisanso dzanja m'chipewa.

"Mayi Nakwenda," anawerenga. Anatolanso kena. "Ndi a Kamphinda!"

Anawerenga mokondwa, poganiza kuti lero ndiye lero, adani aakulu awagwira. Koma madamu wina anagwira pakamwa. A Gwaza, achiwiri kwa ahedi, anasendera pafupi n'kunong'ona.

"Bwana, apa ndiye mwaponda pamoto. Awa ndi apongozi awo."

"Apongozi?"

"Eya. Malemu akazi awo a Kamphinda anali mwana wa mayiwa. Sayang'anana amenewa, ndi mwambo."

Ahedi anangoti kakasi. Miyezi itatu yonse inawabwerera nthawi imodzi, kupatukira muudzu kuja, kutuluka m'chipinda kuja. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Anavula magalasi, nawavalanso.

"Pepani, mayi. Pepani kwambiri. Sindimadziwa. Tibweze tizipepalati, titole ena."

Kamphinda anali atatembenuka kale, akuyenda chakumakalasi.

Pamenepo Mayi Nakwenda anagwira bondo, nanyamuka pabenchi pang'onopang'ono. Anali mayi wamfupi, wosakweza mawu, koma zaka makumi atatu za Sitandade 1 zinawaphunzitsa kuyankhula moti wakumbuyo amve.

"Ahedi, musabweze. Dzina langa latuluka, latuluka basi."

"Koma mayi, mwambo..."

"Mwambo ndikuudziwa ine kuposa inu, bambo. Umati ndisawayang'ane kumaso, iwonso asandiyang'ane kumaso. Nanga masewera anuwa si otseka m'maso? Ine sindiona kanthu. Iwo akhala kumbuyo, aziona msana. Chalakwika n'chiyani pamenepa?"

A Gwaza anatsegula pakamwa, natsekanso.

Ahedi anawapatsira kansalu kaja, koma mayiwo anakana. Anakweza manja n'kumasula duku lawo. Chiyambire maliro palibe anali ataona mutu wawo. Tsitsi limene linamera pambuyo pa kumeta linali lalifupi, ndipo lonse linali loyera. Anthu ena anayang'ana pansi. Mayiwo anapinda dukulo katatu, naliika m'maso, namanga mfundo kunkhongo ndi manja awo.

"A Gwaza, auzeni abwere," anatero. A Gwaza asanasunthe, iwo anakweza dzanja. "Iyayi, khalani. Ndatuma anthu mokwanira."

Anatembenukira kumene ankaganiza kuti kuli makalasi, ngakhale analakwitsa pang'ono, n'kuitana okha.

"Bambo a Chifuniro! Ndaima pano sindikuona. Mundisiya ndigwere m'ndowa?"

Kamphinda anaima ngati wamenyedwa ndi mwala pamsana. Kwa nthawi ndithu sanatembenuke. Kenako anabwerera, akuyenda ngati munthu wolowa m'tchalitchi mapemphero atayamba. Anaima mapazi asanu kumbuyo kwa mayiwo, manja atawagwirizira pamimba.

"Ndabwera, amayi."

Chikwatirire m'banjamo, amenewa anali mawu oyamba kuchoka pakamwa pake kulowa m'khutu mwa apongozi ake popanda wowanyamula.

Ahedi anaiwala kuimba wezulo. Awiriwo anangoyamba.

"Mapazi atatu kutsogolo, amayi. Pang'onopang'ono. Basi, imani. Pali njerwa kumanja kwanu. Sunthirani kumanzere. Pang'ononso. Eya, pomwepo."

Mayiwo ankayenda ngati munthu wowoloka mtsinje, phazi lililonse likuyamba lafufuza pansi. Koma sankakayika. Akamva kumanzere, ankapita kumanzere. Akamva imani, ankaima nthawi yomweyo. Kamphinda maso ake anali pa zidendene za mayiwo, ndipo mawu ake, amene poyamba ankanjenjemera, anayamba kukhazikika ngati mmene amakhalira akamalongosola samu yovuta kwa mwana wamantha.

Pakati pa bwalo chitenje cha mayiwo chinakola pangodya ya benchi, iwo n'kudzandira. Aphunzitsi khumi onse anafuula pamodzi, "Mayo!" A kuzenera ndi a kuchitseko, pakamwa pamodzi. Kamphinda anatambasula manja, koma sanawakhudze.

"Musaope, amayi. Ndili pompano. Kokani chitenje ndi dzanja lamanja. Chamasuka. Tiyeni."

Anadutsa matayala. Anadutsa ndowa yomaliza. Mapazi a mayiwo anaponda phulusa.

"Mwafika, amayi."

"Ndafika kuti? Ine mzere sindikuuona. Tiyeni."

Kamphinda anayang'ana kwa ahedi. Ahedi anayang'ana kwa a Gwaza. Mayiwo anali atayamba kale kuyenda, ndiye akanatani? Anawatsatira, akuwauza pamene pali dzenje, pamene pali chitsa, mpaka anakafika kugolo la kutsidya, kumene anthu ankawaona koma osawamva. Mayiwo anapapasa mtengo wa golo, naugwira, naima atamufulatira.

"Ndamva kuti mwalemba kalata."

"Ndalemba, amayi."

"Ndiye mwana mumusiyira yani?"

"Ali ndi inu, amayi. Ine ndinamva kuti mawu anga amakudwalitsani. Ndinati ndichoke, mupumeko."

"Anakuuzani ndani zimenezo?"

"Anthu, amayi."

"Anthu." Mayiwo anapumira m'mwamba. "Ine ndinati ndikamva mawu anu ndimaona mwana wanga. Mukudziwa chifukwa chake? Musanamufunsire n'komwe, ankabwera kudzandipatsira tiyi pansi pa mkuyu paja. Tiyi n'kumwa, kapu n'kutsuka, iye osachoka. Ankangoima cha pazenera kumvetsera masamu, munthu woti masamu ankadana nawo chibadwire. Mukamaphunzitsa, ine ndimamuona ataima pomwe paja. Ndimalira, inde. Koma mukachoka ndidzamuonera kuti?"

Kamphinda anagwada paudzu. Misozi inali ikugwera pamalaya.

"Amayi, ndinamusiya akudwala. Masiku awiri. Ndinasankha mayeso."

"Nanga amene anatsala naye masiku awiriwo ndani? Si ine? Ndinamugwira pachipumi ndi dzanja ili. Ndinati ndi mutu chabe, ndinamupatsa mapiritsi, ndinamufunditsa. Lachitatu masana iye anati aitaneni bambo a Chifuniro apeze ngolo, ine ndinati tione kaye mawa. Ndine ndinatero. Chaka chonsechi ndimati mukudziwa, n'chifukwa chake mukufuna kuchoka msanga mukakwatire kwina, musamaonenso nyumba ya mayi amene anakupherani mkazi."

"Amayi, zimenezo sindinaziganizepo ngakhale tsiku limodzi. Za kukwatiranso sindinanenepo. Ndinangoti ndikudikira mawu anu."

Wina anali atagwirabe mtengo wa golo, wina ali chigwadire. Mphepo inkakupiza nsonga za duku lija. Kutsidya kwa bwalo anthu khumi ndi mmodzi anaima akuwayang'ana, ndipo ena mwa iwo anayamba kukumbukira mawu amene ananyamula, ndi mmene anawafikitsira.

"Ngati mumadikira mawu anga, ndi awa," anatero Mayi Nakwenda. "Kusudzula tidzakusudzulani nthawi yake ikakwana, mwambo ndi mwambo. Koma kusudzula si kuthamangitsa. Mukadzafuna kukwatira, mudzabwere naye, ndidzamulandira ndine. Mwanayu wataya mayi. Asatayenso bambo chifukwa cha zonena za anthu. Mwandimva, bambo?"

"Ndamva, amayi."

"Chabwino. Dzukani mundibweze, maondo atopa."

Anawabweza njira yomweyo, phazi ndi phazi, mpaka pabenchi pawo. Atawakhazika, Kamphinda anabwerera m'mbuyo, natembenuka kuyang'ana kumbali monga mwa masiku onse. Pamenepo mpamene mayiwo anamasula duku. Linali litanyowa. Analikung'untha, nalimanga kumutu, nayang'ana ahedi amene anali chiimire, wezulo ali m'manja.

"Nanga ahedi, tapambana kapena taluza?"

Ahedi anangogwedeza mutu, n'kupita kukatola njerwa. Aphunzitsi anawatsatira mmodzimmodzi, ndipo njerwazo anazibweza pamulu mochita kupatsirana, aliyense kulandira kwa amene wayandikana naye, osayang'ana kuti ndi wa mbali iti. Sindinganame kuti chidani chonse chinathera pomwepo. Zina zinatenga miyezi. Koma ankhondo aja anazindikira kuti eni nkhondo agwirizana, ndipo manyazi amene anawagwira tsiku limenelo anali oyamba kuwagwira onse pamodzi.

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni, Kamphinda anagogoda paofesi.

"Bwana, kalata ija ndaifuna."

Ahedi anatsegula diroo, naipereka ndi manja awiri, osafunsa kanthu. Kamphinda anaipinda n'kuika m'thumba. Atatuluka analunjika kumudzi, kumene Chifuniro ankamudikira kuti amunyamule paphewa.

Mpaka Mayi Nakwenda anapuma pantchito, awiriwo sanayang'anane kumaso. Kamphinda ankapatukirabe muudzu. Koma pakakhala nkhani yolemera, mayiwo ankakhala pakhonde atafulatira, mkamwini n'kukhala kuseri kwa nkhokwe, n'kumakambirana okha.

Tsono aphunzitsi anzanga, nthano ndathera pamenepa, posachedwapa nafenso tituluka panja kukasewera masewera ngati amenewa, ndipo ndikuona ena mwayamba kale kukwinya nkhope. Ndikudziwa zimene mukuganiza, kuti masewera sangachize zimene zili m'mitima mwanu. Mukunena zoona. Chingwe sichiza munthu, kansalu sikachiza munthu. Ahedi aja kabuku kawo sikanadziwe kanthu za mkamwini ndi apongozi. Chimene masewera amachita n'chaching'ono: amabwereka munthu pobisa nkhope kwa mphindi zochepa, kuti anene chimene wakhala akulephera kunena maso ali poyera. Mpatawo ukapezeka, wina amaugwiritsa ntchito kuponyera mnzake m'ndowa, wina amaugwiritsa ntchito kupulumutsa banja.

Aliyense wa inu ali ndi munthu pasukulu pake amene amamudziwa kudzera m'kamwa mwa anthu ena. Mumadziwa zimene akuti ananena, koma simunamumvepo iye mwini. Mwina nayenso ali ndi kalata yake imene walemba kale mumtima. Lero mayina tiika m'chipewa. Lake likatuluka pamodzi ndi lanu, musabweze kapepalako.